Thadzi la ambuya ndi njerwa za ku Great East Road

Ambuya anga, amene anatisiya ku Katete ine ndili mnyamata wa kusekondale, ankakonda kunena kuti ali ndi njerwa yawo ku Lusaka. Mumzinda uno sanapondemo ngakhale tsiku limodzi, ndipo dzina lawo ankalisainira ndi chala, koma nkhani ya sukulu ikangobuka pabwalo madzulo, ankawongola msana n'kutikumbutsa kuti pamene boma latsopano linkapempha anthu kuti asonkhe chuma chomangira yunivesite, iwo anagwira thadzi lawo lalikulu, lomwe linali litangoleka kumene anapiye, n'kukalipereka kwa anyakwawa. Ife adzukulu tinkaseka chamumtima, poganiza kuti nkhuku imodzi singagule ngakhale chitseko cha kalasi. Ndakhala ku Mtendere zaka zoposa makumi atatu tsopano, ndipo nthawi iliyonse imene minibasi ikudutsa pa Great East Road ine n'kuona nyumba zotuwa za UNZA, yunivesite ya Zambia ija, kuseri kwa mitengo, mawu a ambuya aja amandibwerera.

Zimene ankanenazo sizinali nthano. Dziko lino litalandira ufulu pa 24 October 1964, nzika zake zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha, ndipo aliyense wofuna maphunziro apamwamba ankayenera kuwoloka malire. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood linali litalangiza kale mu 1963 kuti dziko likhale ndi yunivesite yakeyake, lamulo loikhazikitsa linadutsa mu 1965, ndipo mu March 1966 ophunzira oyamba okwana 312 anayamba maphunziro ku Ridgeway, muno mu Lusaka. Mu July chaka chomwecho a Kenneth Kaunda anavekedwa udindo wa Chancellor, mtsogoleri waulemu wa yunivesite, naika mwala wa maziko pamalo amene pali nyumba zazikulu lerolino. Boma linaikapo chuma chake, abwenzi akunja anathandizapo, koma gawo la mbiriyi limene limandikhudza kwambiri ndi la anthu wamba, amene anapereka zimene anali nazo m'manja: ena ndalama zochepa, ena nkhuku, ena mbuzi, ena zokolola za kumunda. Pa nthawiyo kwacha inali isanabadwe, popeza inadza mu 1968, choncho zimene zinkaponyedwa m'mbale zinali masheleni ndi makobiri, ndipo ambiri mwa operekawo ankadziwa bwino lomwe kuti iwo eni sadzakhalapo pampando wa m'kalasi imeneyo.

Ndikufuna kufotokoza mmene zopereka zotere zimagwirira ntchito masiku ano, monga ndazionera pafupi, chifukwa kuyambira mu 2019 ndine msungichuma wa kagulu kakang'ono ka anthu ochokera kummawa amene timapemphera pamodzi. Tilipo 23, ndipo aliyense amaponya K100 pa mwezi. Ena mwa ife ndi aphunzitsi opuma pantchito, ena ndi amayi ogulitsa salaula, mmodzi ndi dalaivala wa magalimoto akuluakulu amene amatumiza gawo lake pafoni kuchokera kulikonse kumene mwezi wamuthera. Timakumana Lamlungu loyamba la mwezi, mapemphero akatha, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ndipo ine ndimabwera ndi buku lachikuto chakuda limene ngodya zake zinapindika kalekale.

Kaguluka kanayamba chifukwa cha mtsikana mmodzi, mwana wa mayi wamasiye wa kumudzi kwathu. Anakhoza bwino kwambiri mayeso a Giredi 12, anapeza malo pa UNZA oti akaphunzire uphunzitsi wa masamu, ndipo bungwe la boma loona za ngongole za ophunzira, la HELSB, linamupatsa ngongole yolipirira gawo la fizi yake. Kunyumba kwawo kunali nthungululu, poti ankaona ngati nkhani yatha. Patangopita miyezi iwiri, mkazi wanga anakumana naye pamsika atawonda, akufunsa mtengo wa kapaketi ka ufa kamene timakatcha pamela, kenaka n'kukabweza. Chaka chimenecho ndi chimene ndalama ya chakudya ya ophunzira, imene iwo amaitchabe BC pokumbukira komiti yakale ya mabasale, inachotsedwa, ndipo inadzabwezeretsedwa mu 2023. Mtsikanayo analibe malo m'nyumba zogona za pasukulu, motero ankagona ku Kalingalinga m'chipinda cha anthu anayi, ndipo lendi ya bedi lakelo inali itadya kale ndalama yonse imene amayi ake anapeza atagulitsa mtedza.

Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chimene anthu ambiri ofuna kuthandiza ophunzira sachiona msanga. Tikamva za wophunzira wosauka timathamangira kuganiza za fizi, chifukwa fizi ili ndi risiti ndipo woperekayo amatha kuionetsa. Komatu chimene chimagwetsa ana ambiri pakati pa ulendo ndi tinthu ting'onoting'ono timene sitilembedwa m'kalata yowaitana kusukulu: lendi, ufa, makala, sopo, ndalama yosindikizira ntchito ya m'kalasi, ndiponso kwa atsikana zofunika za mwezi ndi mwezi, zimene sangazitchule pamaso pa amalume awo. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, maphunziro n'kusamukira pa intaneti, chofunika chachikulu chinasanduka foni yamakono ndi mabandulo, ndipo tinakhala pansi pa mango uja maola awiri kukambirana ngati kugulira mwana foni kuli m'gulu la kuthandiza maphunziro kapena kumulekerera. Amayi ena achikulire anaimirira nati, "Bambo msungichuma, kale tinkagulira ana sileti, ndipo palibe amene ankati tikuwalekerera." Foniyo tinagula, yogwirapo kale ntchito, ndipo ndinailemba m'buku pansi pa mutu wa mabuku.

Tsopano tiyeni tiitsatire K100 ya mmodzi wa ife kuti tione kumene imagona. Ikachoka m'buku langa imapita kwa amayi eni nyumba ku Kalingalinga, amene anamanga zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yawo amuna awo atamwalira, ndipo lendi ya ophunzira ndiyo imene ikuphunzitsa adzukulu awo. Gawo lina limapita pa kantemba ka pakona, kumene mtsikanayo amagula mazira ndi mafuta ophikira a m'kabotolo, gawo lina kwa amayi a tomato ndi chibwabwa, gawo lina kwa mnyamata wa makina osindikizira mapepala, ndipo yotsalayo kwa kondakitala wa minibasi. Pofika Loweruka ndalama ija yadutsa m'manja asanu kapena asanu ndi limodzi, onsewo a anthu amene sanalowepo m'kalasi ya yunivesite. Aliyense wokhala ku Kalingalinga, ku Kalundu, ku Ng'ombe kapena kuno ku Mtendere amadziwa kalendala ya UNZA popanda kuiwerenga, chifukwa ophunzira akapita kutchuthi malonda amazizira ngati mbaula yothiridwa madzi. Pali amayi ena amene amakazinga vitumbuwa pafupi ndi mlatho wa oyenda pansi wa pa Great East Road, ndipo anandiuza tsiku lina kuti ophunzira akakhalapo amakanda ufa kawiri usanafike masana, koma akachoka amakanda kamodzi n'kubwerera nazo zina kunyumba. Munthu amene wathandiza wophunzira mmodzi kuti asabwerere kumudzi wathandizanso amayi amenewa, ngakhale sadzadziwana nawo mpaka kalekale.

Zopereka zazikulu zili ndi njira yakeyake yofikira kwa anthu oyandikana ndi sukulu, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Sukulu ya madokotala a ziweto, imene inatchedwa dzina la Samora Machel, inamangidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Japan. Amene anapereka ndalamazo ankaganiza za ng'ombe za dziko lonse, ndipo n'zoonadi kuti madokotala ambiri a ziweto amene amayendera madibi kumidzi anasulidwira pamenepo, koma ngakhale munthu wa mukomboni amene galu wake wadwala amatha kupita naye kuchipatala cha ziweto cha pasukulupo. Chimodzimodzinso ku Ridgeway, kumene ophunzira udokotala amasulidwira pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH: chipangizo chilichonse chimene munthu wakufuna kwabwino wapereka kuti ophunzira aziphunzirira chimadzathera pa thupi la wodwala wochokera ku Kanyama kapena ku Chawama. Palinso mabungwe akale monga Beit Trust, limene linakhazikitsidwa mu 1906 ndi chuma chimene Alfred Beit anasiya, ndipo mpaka lero limathandiza Zambia, Malawi ndi Zimbabwe pomanga nyumba za sukulu ndi zipatala komanso kulipirira ophunzira a madigiri apamwamba. Munthu angathe kufunsa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa, kuti chuma cha anthu ngati Beit chinachokera m'nthaka ya yani ndi m'thukuta la yani. Ine ndimafunsa ndithu, komabe denga lomangidwa ndi ndalamazo likutchinjiriza ana athu ku mvula, ndipo sindinamvepo wina akupempha kuti lisasulidwe.

Chimene ndimadandaula nacho pa zopereka zazikulu, kulikonse kumene ndaziona, n'chakuti opereka amakonda chinthu chatsopano chimene angakhomepo chikwangwani cha dzina lawo ndi kuduliraponso riboni pamaso pa atolankhani. Nyumba yatsopano imapeza mwini msanga, koma mpope wothyoka, chimbudzi chotsekeka ndi denga lodontha ndi ana amasiye. Palibe kampani imene imafuna kuti dzina lake lilembedwe pa paipi ya zonyansa, chonsecho mumzinda ngati uno, umene unaona kolera mu 2017 ndi 2018, n'kudzaionanso mu 2023 ndi 2024 mpaka bwalo la masewera la Heroes kusanduka chipatala, paipi imeneyo ndi yofunika kuposa holo yokongola. Malo amene amasonkhanitsa achinyamata zikwi zambiri akakhala opanda madzi okwanira, matenda sayima pachipata kufunsa amene ali wophunzira ndi amene ali wogulitsa chimanga chootcha. Ndikanakhala ndi chuma, ndikanapereka mphatso yanga ku thumba lokonzera zakale, ndipo ndikanavomera kuti isakhale ndi chikwangwani.

Palinso funso limene limandivuta, lokhudza ife amene tinadutsa m'masukulu a boma pamene maphunziro anali aulere kapena otsika mtengo. Yunivesite imene inayamba ndi ophunzira 312 yatulutsa anthu osawerengeka amene lero ali m'mabanki, m'migodi, m'makhoti ndi kunja kwa dziko, ndipo atatu mwa atsogoleri a dziko lino, a Levy Mwanawasa, a Edgar Lungu ndi a Hakainde Hichilema, anaphunzira pomwepo. Sikuti ndife anthu ouma manja. Pamaliro timasonkha usiku womwewo, pa ukwati timapanga makomiti, kutchalitchi timapikisana pa zopereka za masika, ndipo mwezi wa August ukafika timakwera mabasi kupita ku Mkaika kukakhala nawo pa mwambo wa Kulamba, kumene mafumu amapereka mitulo kwa Kalonga Gawa Undi. Makolo athu anali ndi dima, pamene mudzi wonse unkalima munda wa munthu mmodzi podziwa kuti mawa udzalima wa wina, ndipo mumzinda muno chilimba chalowa m'malo mwake. Koma nkhani ikangofika pa yunivesite, timapinda manja n'kunena kuti zimenezo ndi za boma. Ambuya anga, amene sanaphunzire, ankaiona sukulu imeneyo ngati yawo, pamene ife amene inatipatsa ntchito timaiona ngati ya eni ake.

Ndayesa kufunsa anzanga chifukwa chake, ndipo yankho limene limabwera kawirikawiri ndi la chikhulupiriro. Pamaliro munthu amaona bokosi limene ndalama yake yagula, koma akaponya ndalama m'thumba la bungwe lalikulu sadziwa kumene yagwera. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo aliyense woyendetsa thumba la zopereka ayenera kulimva bwino. M'kagulu kathu ndimawerenga buku lija mokweza mwezi uliwonse, ngwee ndi ngwee, ndipo risiti iliyonse imayenda m'manja mwa anthu onse amene abwera isanabwerere kwa ine. Zimatenga nthawi, ndipo ena amayasamula, koma m'zaka zonsezi palibe amene wasiya kupereka chifukwa chokayika. Ena amanenanso kuti akubweza kale ngongole ya boma imene imadulidwa pa malipiro awo, choncho sangaperekenso kawiri. Amenewa ndimawamvetsa, makamaka achinyamata ongoyamba kumene ntchito, koma mkulu amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1970, akudya katatu patsiku ndi ndalama za dziko, alibe ngongole yolembedwa imene angabisalemo.

Sindikunena kuti zopereka zingalowe m'malo mwa boma, ndipo ndimachita mantha ndikamva anthu akulankhula ngati zingatero. Malipiro a aphunzitsi, ndalama za opuma pantchito ndi magetsi a malo aakulu chonchija sizingalipiridwe ndi nkhuku, ngakhale mudzi uliwonse wa m'dziko lino utapereka khola lonse. Ntchito ya mphatso ndi kufika pamene dzanja la boma limafika mochedwa kapena silifika n'komwe, monga mwana amene wasala pang'ono kulemba mayeso koma watsekeredwa panja chifukwa cha lendi ya mwezi umodzi.

Nafenso tinalakwitsapo, ndipo ndi bwino ndinene. M'chaka chachiwiri tinatenga mnyamata wina wa pa koleji ina muno mumzinda, ndipo popeza ankaoneka wokhwima maganizo, tinkamutumizira ndalama yonse ya miyezi itatu pafoni pake. Mwezi wa November eni nyumba anatiimbira kuti sanalandire kalikonse. Titamuitana, mnyamatayo anagwada pansi n'kuulula kuti atate ake anamuimbira kuti mvula yayandikira ndipo kunyumba kulibe feteleza, ndiye iye anatumiza ndalama yonse kumudzi. Ena mwa ife anapsa mtima nati timuchotse. Ine ndinalephera kumuweruza, chifukwa ndikudziwa kulemera kwa mawu a bambo pa mwana woyamba kubadwa, ndipo ndikudziwa kuti kumudzi mwana amene ali ku Lusaka amaonedwa ngati wafika kale, ngakhale akugona ndi njala. Kuyambira pamenepo lendi timalipira tokha kwa eni nyumba, ufa ndi kapenta timakagula kumsika wa Soweto n'kukapereka pamanja, ndipo wophunzira amangogwira ndalama yochepa ya mayendedwe. Njira imeneyi inamumasulanso mnyamatayo, poti tsopano akanatha kuuza akwawo moona mtima kuti m'manja mwake mulibe kanthu.

Tinatsutsananso kwa nthawi yaitali pa nkhani yoti othandizidwawo adzabweze kapena ayi. Dalaivala uja ankati ndalama yopanda chingwe imaononga mwana, pamene amayi a salaula ankati mwana amene ali kale ndi ngongole ya boma sitingamusenzetse ina. Mkulu wina, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Chadiza, ndiye anatimasula ponena kuti kupatsa n'kuika, ndipo chimene taika chibwerere kwa ana a mukomboni osati m'matumba mwathu. Tinagwirizana kuti aliyense amene tikumuthandiza aziphunzitsa ana a Giredi 12 Loweruka lililonse mmawa m'chipinda cha Sande sukulu, kwaulere. Mtsikana wathu wa masamu uja anayamba ndi ana asanu ndi awiri atakhala pa mabenchi a tchalitchi, bolodi lake lili chitseko chakale chopakidwa utoto wakuda, ndipo pofika nyengo ya mayeso ena ankakhala pansi chifukwa mabenchi anachepa. Mwa anawo munali mdzukulu wa amayi a vitumbuwa aja, amene ankabwera ndi kapepala ka vitumbuwa zinayi kudzapatsa aphunzitsi ake.

Mtsikanayo anatsiriza maphunziro ake mochedwerapo chifukwa cha mliri uja. Pa tsiku lolandira digiri tinapitako anthu asanu ndi mmodzi a m'kagulu, ndipo titatuluka tinayenda naye mpaka pa chiboliboli cha wophunzira wovala mkanjo chimene anaumba Henry Tayali, kenaka kumadziwe a Goma, amene amakumbutsa a Lameck Goma, munthu wa ku Lundazi amene anali nzika yoyamba ya dziko lino kukhala Vice-Chancellor, mkulu woyendetsa yunivesiteyi. Amayi ake anali atafika dzulo lake pa basi ya ku Chipata, ulendo wawo woyamba kubwera ku Lusaka, ndipo tsiku lonselo ankangoyang'ana nyumba zazitalizo osanena zambiri. Madzulo anabwera kunyumba kwanga atanyamula kanthu m'chitenje, nagwada pakhomo, nati, "Abambo, ine ndilibe mawu, koma ichi chikhale cha gulu." M'chitenjemo munali thadzi lamawangamawanga lomangidwa miyendo ndi luzi, limene linayenda nawo pabasi kuchokera ku Katete.

Lamlungu lotsatira ndinapita nalo pansi pa mango. Ena ankati tiphike tidyere pamodzi, koma amayi achikulire aja anakana nati nkhuku imeneyo sinabwere kudzadyedwa. Tinaigulitsa pomwepo kwa amene anatchula mtengo woposa anzake, ndipo inapita pa K180 kwa dalaivala uja, amene mwamwayi anali mumzinda sabata imeneyo. Ndinatsegula buku lachikuto chakuda, ndipo pansi pa maina 23 ndinawonjezera mzere wina: mayi wa ku Katete, thadzi limodzi, K180. Ndalamayo inalipira gawo la lendi ya mwezi wa March ya mtsikana wina wa ku Petauke, amene wangoyamba kumene chaka choyamba cha zaulimi.